Bwana Amangojambulidwa Ali Mtulo

LACHIWIRI

Agogo ndi Make Bwana

Agogo, 09:12
🎤 0:44
Ayi, chimenecho usawatumizire bambo ake. Ndachiona. Maso ali gaa ngati nyali za galimoto. Tumiza chija ndinamujambula dzulo ali mtulo, cha kachipewa chija. Mwana wogona palibe amamufunsa mafunso. Ndipo usandiyankhe molemba. Zolemba ndimakawerengetsa kwa a telala pakhonde paja, ndipo a telala nkhani ikalowera kukhutu imatulukira kukamwa isanazizire.

Make Bwana, 09:31
🎤 0:17
Amayi ndili pa till, ndikunong'ona. Afunsanso m'mawa uno. Akuti miyezi inayi yonseyi mwana wanga amangogona? Ndiwayankhe chiyani?

Agogo, 09:33
🎤 1:20
Uwauze kuti mwana amakulira kutulo, si bodza. Tamvera mwanawe. Apongozi anga ananyamuka ndi lole mwana ali ndi sabata imodzi, maso akungotsinzina, akuoneka akuda bwinobwino. Lero tayang'ana. Ali ngati tiyi wochuluka madzi, m'mphepetemo mobiriwira. Ako ndi akuda. A bambo ake ndi akuda bii ngati makala. Ine ndimakudziwa, ndinakubala, ulibe mlandu. Koma mwamuna amene amagona m'misewu akaona chinthu chachilendo pankhope ya mwana, sayamba ndi kufunsa, amayamba ndi kuwerenga miyezi. Kenako nkhani ikafika kwa amake aja a magalasi akuda. Asewere anga amenewo pa ukwati wanu sanavule magalasi ngakhale popemphera. Munthu wobisa maso ake amaona za anzake zokhazokha.

Make Bwana, 09:50
🎤 0:09
Amayi, akubwera kumapeto kwa mwezi. Mudzamugoneka mpaka liti?

Agogo, 09:52
🎤 0:58
Mwina pofika nthawi imeneyo akhala atada. Ndikumuteteza ku dzuwa, makatani sindikutsekula. Iwe unali usanabadwe pamene mng'ono wanga anathamangitsidwa ku ukwati. Mwana wake anabadwa ndi maso ngati amenewa. Katundu anamuponyera panja, mwana ali kumsana, mvula ikugwa. Analumbira mpaka mawu kutha, sanamumvere. Anamwalira anthu akumulozabe zala. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tumiza cha kachipewa.

Make Bwana ndi Bambo a Bwana

Make Bwana, 12:40
📷 Bwana ali mtulo, wavala kachipewa

Bambo a Bwana, 13:05
wagonanso?

Make Bwana, 13:06
kkkk watengera inu

Bambo a Bwana, 13:08
ine ndimadzuka 4 koloko mayi. madzulo video call, ndimuone akusewera

Make Bwana, 13:15
ok tiona network

Bambo a Bwana, 17:32
📞 sinayankhidwe

Make Bwana, 18:10
sorry anali akusamba, kenako wagona

Bambo a Bwana, 18:11
ok

LACHITATU

Agogo ndi Make Bwana

Agogo, 08:05
🎤 0:26
Kusikeloko umufunditse kathaulo kumaso pa mzere. Azimayi a pa mzere alibe ntchito, amangosuzumira ana a anzawo. Ndipo anesi usawafunse mokweza.

Make Bwana, 11:20
🎤 1:48
Amayi tatuluka, ndili pa siteji. Ndawafunsa anesi. Amuunika ndi katochi, amuyendetsera chidole uku ndi uku akuchitsatira, amuyezanso makutu. Akuti akuona bwino, akumva bwino, si matenda. Akuti mtundu wa maso umachokera ku utoto umene uli m'kabwalo kozungulira kamwana ka diso kaja. Utoto ukachuluka maso amada, ukachepa amayera. Ndiye kuchuluka kwakeko mwana amatengera kwa makolo onse awiri, mbali ina kwa mayi, mbali ina kwa bambo. Amati ma jini, ndipo si amodzi, ndi angapo amathandizana. Akuti a maso akuda nthawi zambiri amaphimba a maso oyera. Ndiye munthu atha kukhala ndi maso akuda koma atanyamula enawo osadziwa, ngati chovala chimene chili pansi pa sutikesi. Akakumana awiri onyamula, mwana atha kutulukira nawo, ngakhale patadutsa agogo ndi azigogo.

Make Bwana, 11:23
🎤 0:15
Akutinso mwina adzaderako pang'ono akamakwanitsa chaka, mwina ayi. Koma makatani sathandiza chilichonse, amayi. Atsekuleni, m'nyumba mukununkha matewera.

Agogo, 11:31
🎤 0:52
Zimenezo ndiye n'zachilendo? Ine ndaweta nkhuku. Thadzi lakuda, tambala wakuda, m'mazira n'kutuluka kamwanapiye koyera mbee. Ndinaziona ndi maso anga osafunsa nesi. Koma nkhuku siithamangitsidwa ku ukwati, mwanawe. Anesiwo adzakhalapo tsiku limene apongozi azidzatsika m'lole? Adzabwera ndi katochi kawo kudzawaunikira mumtima? Makatani akhala momwemo. Pobwera ugule babu wosawala kwambiri wa kuchipinda kwanu.

Make Bwana, 11:33
🎤 0:04
Amayi inu.

Agogo, 11:34
🎤 0:08
Ndipo usakwere minibasi yodzaza, amuponda mwana.

LACHINAYI

Gulu: Kunyumba
Agogo, Make Bwana, Bambo a Bwana

07:48 Bambo a Bwana asintha chithunzi cha gulu

Bambo a Bwana, 07:49
ndaika cha kachipewa. poti zonse ndi zogona ndasankha chokongola

Make Bwana, 07:55
mwandibera dp yanga kkkk, ndi chomwecho chili pa dzina langa. ndikulowa, foni ikhala mu locker mpaka lunch

Agogo, 09:40
🎤 1:12
Mwanawe, ndaganiza usiku wonse ndipo nzeru ndaipeza. Apongozi akamadzafika, udzawauze afike madzulo, kutada. Babu ndasintha kale, ndinakwera pa mpando ndekha. Ine mwana ndidzamusewereza tsiku lonse osamulola kugona, kuti bambo ake akamalowa adzakhale atakomoka ndi tulo. M'mawa mwake ndidzapita naye kwathu, tidzati ali ndi chimfine, asapatsire bambo ake. Masiku awo opuma ndi ochepa, adutsa. Chachikulu asaone maso amenewo pa dzuwa. Akangoona kuti ndi obiriwira chonchi adzati mwana si wawo, ndipo iwe udzalowera kuti ndi khanda? Wandimva? Mawu awa ukamva ufufute.

Bambo a Bwana, 09:58
ndamva amayi

Bambo a Bwana, 10:03
mawa kubwera mayi anga adzamuone mwana

Agogo ndi Make Bwana

Agogo, 10:06
🎤 0:21
Iwe, kwabwera zolemba ziwiri, koma pambali pake pali kachithunzi ka lole. Apongozi akundilembera ine chifukwa chiyani? Ine ndalankhula ndi iwe.

Agogo, 10:09
🎤 0:33
Mayo ine. Pali zithunzi ziwiri za kachipewa. China pamwamba, china pansi. Ine ndimakudziwira kachipewa, ndimangodina pamene pali mwana. Wachiwiriyu wachokera kuti? Ndani waika mwana pa gulu?

Agogo, 10:10
📞 sinayankhidwe

Agogo, 10:12
📞 sinayankhidwe

Agogo, 10:25
🎤 0:37
Ndayesa kufufuta, ndangotumiza kamunthu kovina. Zolembazi ndi zazifupi. Mwamuna akalemba zazifupi ndiye kuti zaipa. Ndafika mpaka pa masitepe a telala, foni ili m'manja, anena kuti bweretsani agogo ndikuwerengereni. Ndati ayi, ndimafuna ulusi. Ndagula ulusi wobiriwira, sindikudziwanso kuti ndisoka nawo chiyani.

Agogo, 11:15
📞 sinayankhidwe

Make Bwana, 12:34
🎤 0:20
Amayi mwatumiza pa gulu. Amva zonse. Alemba kuti ndamva amayi. Kenako akuti mawa kubwera mayi awo kudzaona mwana.

Agogo, 12:36
🎤 0:41
Ndinanena ine. Sindinanene? Amayamba ndi kutuma amake. Kwa mng'ono wanga zinayambanso choncho, kunabwera apongozi ake aakazi, anamutembenuza mwana ngati akugula nsomba. Ndakuphera ukwati ndi chala changa ichi. Ziphaso zako ndi khadi la mwana uziike m'kachikwama kamodzi. Sindikuti upakire. Ndikuti zikhale pafupi.

Make Bwana ndi Bambo a Bwana

Make Bwana, 12:38
plz yankhani foni

Make Bwana, 12:39
📞 sinayankhidwe

Make Bwana, 12:41
mwana ndi wanu. mukudziwa kt ndi wanu

Make Bwana, 12:44
ndinafuna kukutumizirani kalekale km amayi anandiopseza ndi nkhani ya anti aja. nanenso ndinayamba kuopa. ndalakwa

Make Bwana, 12:52
dzulo anesi anafotokoza zonse, ndi za ma jini, ndingakuuzeni bwinobwino

Make Bwana, 15:30
mwaima pati? mwadya?

Bambo a Bwana, 17:14
miyezi yonseyi ine ndimaganiza kt mwana wanga saona ndipo mukundibisira. ndafunsa za chipatala cha maso tauni iliyonse ndadutsa. ndimayendetsa lole ndikuganiza mmene ndidzamuphunzitsire kuwoloka msewu

Bambo a Bwana, 17:15
kani odwala ndine. ndine chilombo chofunika kuchibisira mwana

Make Bwana, 17:16
ayi si choncho

Make Bwana, 17:16
nanga amayi mukuwatumiranji? ngati muli ndi funso ndifunseni ine

Bambo a Bwana, 17:20
ndilibe funso. zina si za ine kunena. basi yawo ifika cha m'ma 10

Make Bwana, 17:21
ndili pa shift mawa, supervisor wakana

Make Bwana, 17:40
mukadali okwiya?

LACHISANU

Agogo ndi Make Bwana

Agogo, 08:20
🎤 0:39
Ndayang'anitsitsa, uyu ndiwe, ndadina wa pansi. Ndakolopa kawiri. Makapu ndatulutsa aja a maluwa. Bwana wadzuka kalekale, ndamusambitsa madzi ofunda, ndamupatsa mkaka unasiya uja, ndamubereka, ndazungulira naye tebulo mpaka chizungulire. Sakugona. Masiku onse nthawi ino amakhala atafa ndi tulo. Lero akungondiyang'ana n'kumaseka. Mwana ameneyu ali mbali ya bambo ake.

Make Bwana, 08:45
🎤 0:12
Musiyeni amayi, asagone. Zatopetsa. Foni ndaibisa m'thumba la yunifomu, muzindiuza.

Agogo, 10:18
🎤 0:16
Afika pa geti. Magalasi ali pamaso, kunja kuli mitambo. Anyamula kachikwama kamodzi, ndiye kuti sagona. Pemphera.

Make Bwana, 10:50
🎤 0:03
Zikuyenda bwanji?

Make Bwana, 11:25
🎤 0:05
Amayi ndiyankheni, ndalakwitsa chenji kawiri pa till.

Make Bwana, 11:58
📞 sinayankhidwe

Agogo, 12:30
🎤 2:36
Ndili kukhitchini, ndikuwiritsa madzi kachitatu. Khala pansi. Alowa, tapatsana moni, tiyi sanamukhudze. Akuti mwana ali kuti. Ndati ali kuchipinda, akudwaladwala chimfine. Akuti chimfine ndachiona chambiri, bweretsani. Ndamubweretsa nditamufunditsa. Akuti asewere, m'nyumba muno mwagwa maliro? Adzuka okha, akoka katani, kwee! Dzuwa lonse m'nyumba. Amutenga mwana, apita naye pa windo penipeni, achotsa kathaulo. Ine ndakhala pa mkono wa mpando. Amuyang'ana, amuyang'ana. Ine ndayamba, ndati asewere, mwana wanga sanayendepo, ndilumbire pa chiyani? Akuti khalani chete. Ndiye Bwana, ukumudziwa mmene amagwirira ndolo zako, watambasula kadzanja, wagwira magalasi, wakoka. Magalasi agwera pa miyendo yawo. Mwanawe. Maso a asewere. Omwewo. Tiyi yemweyo, kubiriwira komweko, kungoti awo ndi okalamba. Maso anayi onse akundiyang'ana pa windo. Ndinafuna kuthawa, koma nyumba ndi ya mwana wanga.

Make Bwana, 12:34
🎤 0:07
Amayi mukunama. Ine ndakhala nawo pa tebulo kangati konse, osaona?

Agogo, 12:37
🎤 1:55
Ukanaona bwanji, poti amavula pogona pokha? Akuti ali mwana anzawo ankawatcha maso a mphaka. Ana ankathawa, akuluakulu ankati mwana ameneyu asayang'ane mumphika. Atangoyamba ntchito chinthu choyamba chinali magalasi, ndipo analetsa ana awo kuti nkhani imeneyi isatuluke pakhomo. N'chifukwa chake amuna ako anangoti zii. Akuti maso amenewa anali a bambo awo. Iwo anabereka ana atatu, onse maso akuda, anathokoza Mulungu kuti zathera pa iwo. Kani zinangobisala mwa amuna ako, pansi pa sutikesi paja ananena anesi. Alira, mwanawe. Ine zaka zonsezi ndimati ndi matama. Kenako andiyang'ana, akuti asewere, makatani anuwa ndi magalasi anga n'chimodzimodzi, ameneyu musamuyambitse. Ndati ndamva. Akuti ndi babu yemwe mubwezere. Amuna ako anawauza zonse, ndi za mpando zomwe.

Make Bwana, 12:41
🎤 0:31
Ndikulira mu stock room ngati chitsiru. Koma amayi, mwamva zimene zikutanthauza? Anesi anati kawirikawiri zimachokera mbali zonse ziwiri. Mbali ya bambo ake taiona. Mbali yanga ndi ija ya mwana wa anti. Zili mwa ife, amayi. Mwina mwa inu momwe. Anti sananame.

Make Bwana, 13:10
🎤 0:03
Amayi?

Agogo, 13:48
🎤 0:34
Ndamva. Ndinali nditakhala kaye panja. Mwana wa mng'ono wanga uja tsopano ndi bambo wa imvi, amakonza mafiriji. Anakula akuuzidwa kuti alibe bambo. Ukaweruka undipezere nambala yake kwa achibale. Ndikufuna adzamuone Bwana, pa windo pomwepa. Uyiike ndi chithunzi chake, chosafanana ndi cha wina aliyense.

Gulu: Kunyumba

Agogo, 14:20
📷 Amayi okalamba anyamula mwana pa windo, onse akuyang'ana kutsogolo. Magalasi ali pa tebulo pambali pa kapu. Pakona pali chala cha wojambula

Agogo, 14:23
🎤 0:57
Apongozi, ulendo uno sindinasochere, ndadina gulu mwadala. Mwana wanuyo ndi ameneyo, ali maso. Amaona, amaona mpaka zimene sanatumidwe. Zithunzi zogona zija nzeru inali yanga, mkazi wanu ankakana. Ndinakuyezani ndi muyezo wa mwamuna wina amene simunamuonepo. Pepani bambo. Mukafuna kukalipa mukalipire ine, koma muimike kaye lole pambali, musakalipe mukuyendetsa.

Make Bwana, 14:30
mwachiona?

Make Bwana, 15:05
chaonetsa kt mwatsekula

Bambo a Bwana, 15:52
🎤 0:49
Amayi, ndalankhula m'malo molemba kuti a telala apume. Ndaima pa sikelo ya malole. Chithunzi ndachiona. Ndachionetsa kwa wapolisi, kwa mayi wogulitsa madzi, ndi kwa dalaivala wina amene sitimva chilankhulo chimodzi. Mayi anga sanajambulitsepo opanda magalasi chibadwire changa. Kukwiya ndikadali nako pang'ono, ndidzamalizira konko. Ndidzafika masana, dzuwa lili pamutu. Mwana adzakhale ali maso.

Make Bwana, 15:54
nde watengeradi inu kkkk

Bambo a Bwana, 15:55
iwe nkhani yako sinathe. video call 6 koloko, asasambe

Agogo, 16:02
🎤 0:40
Zikomo bambo. Adzakhala ali maso, ndi kugona komwe wasiya. Koma chithunzicho musamaonetse aliyense m'misewu, anthu simuwadziwa mitima yawo. Ndipo wa chilankhulo chinayo musamupatse foni m'manja, athawa nayo. Asewere akuti agona konkuno, ndawapatsa bedi langa. Magalasi Bwana wathyola mwendo umodzi. Ndati ndiwamangire ndi ulusi, ndili nawo wobiriwira. Akuti asiyeni pa tebulo pomwepo.

Agogo, 16:04
🎤 0:11
China. Wina achotse kachipewa pa gulupa ndisanaphe munthu.

16:09 Bambo a Bwana asintha chithunzi cha gulu